Stock ya mfuti yosakira: walnut, kaboni kapena chassis, ndipo muyambire pati?

Stock yoyamba imene ndinagula padera, thupi lija la mfuti limene mumagwira n'kukanikiza paphewa, ndinaiwononga ndekha, ndi manja angawa. Ndinaiitanitsa mfuti yanga ikadali ndi mpope wowonda wa kufakitale, ndiye opanga anagoba ngalande yongokwana mpope wowondawo. Patatha chaka ndinaikitsa mpope wonenepa, ndipo sunalowe. M'malo mopita kwa mmisiri wa mfuti, ndinakulunga sandipepa pa kapaipi n'kumakhula ngalande ija madzulo alionse. Pofika tsiku lachinayi mpope unagona bwinobwino, pepala likudutsa pansi pake osakodwa paliponse. Chimene sindinaone n'chakuti ndinali nditadya khungu lolimba la m'ngalandemo mpaka kufika pa zofewa za m'kati. Ndikaimika mfuti pa bipod, timiyendo tiwiri ta kutsogolo kwa mfuti, n'kuitsamira, kutsogolo kwa stock kunkapindika pang'ono n'kukhudza mpope, zipolopolo n'kumagunda pamwamba pa chandamale. Ndikaigoneka pa chikwama, zinkatsika. Mfuti yomweyo, zipolopolo za m'bokosi limodzi, koma malo ogunda awiri.

Stock ija inalibe mlandu. Ndinaigula ndisanadziwe kuti mfuti yangayo ndikufuna idzakhale yotani pamapeto pake.

Stock ndi gawo limene mumagwira ndi manja, kutsamiritsapo tsaya ndi kukanikiza paphewa. Imanyamula action, chitsulo chija chimene bolt, yolowetsa ndi kutsekera chipolopolo, imayendamo, ndipo mpope umamangidwa ku action imeneyo. Ntchito zake zenizeni ndi ziwiri basi. Iyenera kugwira action kuti gwa, kuti ikagwedezeka powomba izibwerera pamalo omwewo. Iyeneranso kufikitsa diso lanu pamalo amodzimodzi kumbuyo kwa scope, galasi lolozera lija, nthawi iliyonse mukanyamula mfuti. Mpope woipa siingausandutse wabwino. Koma mpope wabwino ingathe kuuchititsa manyazi.

Walnut ndi matabwa omata

Mtengo wa walnut ndi umene unalera mfuti zosakira kwa zaka mazana, ndipo pali chifukwa chake. Ndi wolimba koma wosalemera kwambiri, sung'aluka wamba, umagobeka bwino, ndipo m'mawa kukuzizira sukuluma tsaya. Walnut wa ku Turkey ndi madera ozungulira, amene asayansi amamutcha Juglans regia, ndiye amatamandidwa chifukwa cha mizere yake. Wa ku America, Juglans nigra, ndi wakuderapo ndipo ndi amene mafakitale ambiri akhala akugwiritsa ntchito.

Vuto lake ndi loti mtengo, ngakhale utauma zaka zambiri, umamwabe chinyezi cha mumpweya n'kuchitulutsanso. Ukamwa umafufuma, ukauma umanyala, ndipo sufufuma mofanana mbali zonse. Kutsogolo kwa stock kukangokhota pang'ono n'kukankha mpope, mfuti imene munaichalira bwino nyengo youma ikakuphonyetsani nyama nyengo ya mvula. Mankhwala ake alipo: mmisiri amamata m'kati monse kuti chinyezi chisalowe, ngakhale pansi pa labala wa kuthako, kumbuyo kokanikiza paphewa kuja, pamene ambiri amaiwala, amaika timapaipi ta aluminiyamu modutsa masikuluwu, n'kusiya mpata wokwanira kuzungulira mpope. Walnut wokonzedwa chonchi amawomba bwino kuposa mmene anthu amanenera. Koma amafuna mwini wake azimusamala, ndipo mtima umapweteka mukamukhulitsa pamwala.

Stock ya matabwa opyapyala omatidwa pamodzi, nthawi zambiri a mtengo wa birch, ili pakatikati. Guluu amene ali pakati pa matabwawo amaletsa kukhota, ndiye imakhazikika kuposa walnut. Kulipira kwake ndi kulemera. Boyds ya ku South Dakota ndi GRS ya ku Norway zimadziwika ndi mastock amenewa, ndipo za GRS zimabwera ndi potsamira tsaya posunthika. Ngati mumasaka mutakhala pamalo amodzi kudikira nyama, kulemerako sikukuvutani, mwinanso kukuthandizani. Ngati mumayenda tsiku lonse, mudzakumva paphewa dzuwa lisanafike pamutu.

Za pulasitiki yothiridwa m'chikombole imene imabwera ndi mfuti zotchipa sinditayapo nthawi. Gwirani kutsogolo kwake n'kufinya ndi mpope. Ikakhudza mosavuta, mwadziwa kale chimene chidzachitike pa bipod.

Fiberglass ndi kaboni

Apa m'pamene alenje ambiri ofuna mfuti yolondola amathera, ndipo ine ndili nawo limodzi. Gale McMillan anayamba kupanga mastock a fiberglass ku Phoenix, Arizona, mu 1973, poyamba popangira anthu a mipikisano yowombera chandamale. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 asilikali a Marine Corps a ku America anasiya stock ya mtengo pa mfuti yawo ya M40, imene inkavutika ndi chinyezi cha ku Vietnam, n'kuika ya McMillan pa mtundu wake watsopano, M40A1. Kuchokera pamenepo alenje anatsatira.

Kapangidwe kake n'kosiyana kwambiri ndi pulasitiki ya kufakitale, ngakhale kunja zingaoneke ngati pachibale. Amayala nsalu za fiberglass kapena kaboni m'chikombole, kuzinyowetsa ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy, n'kupanga chigoba cholimba. M'kati amadzazamo zinthu zolemera mosiyana: zolimba kwambiri pamene pagona action, zopepuka kuthako ndi kutsogolo. Mphamvu yonse ili m'chigobamo. N'chifukwa chake sandipepa wanga uja anawononga zinthu: ndinadya gawo lomwe linkagwira kutsogolo kuti kusapindike.

Kusiyana kwa fiberglass ndi kaboni kwenikweni ndi kulemera. Kaboni amangofuna nsalu zochepa kuti alimbe ngati fiberglass, ndiye stock yosakira ya kaboni, monga za Manners, AG Composites kapena za McMillan zopepuka, ikhoza kulemera pakati pa magalamu 650 ndi 900, pomwe ya fiberglass ya maonekedwe omwewo nthawi zambiri imafika kapena kudutsa kilogalamu imodzi. Pa kulondola, sindinaonepo kusiyana kumene mlenje angakuzindikire kutchire. Zonse sizimva mvula, zonse sizikhota ndi dzuwa. Kaboni ndi wodula, ndipo stock yopepuka kwambiri imalira ngati ng'oma nthambi ikaimenya, chifukwa kuthako kumakhala ngati kulibe kanthu.

Palinso mtundu wina wa banja lomweli umene uli ndi chitsulo cha aluminiyamu choumbidwira m'kati, pamene action imagona. H-S Precision ya ku South Dakota inatchuka nawo, ndipo Bell and Carlson imapanganso ofanana. Ubwino wake ndi woti mumangoika action, kumanga masikuluwu, basi. Ndi olemerapo kuposa kaboni, koma kwa munthu amene sakufuna kudikira mmisiri, ndi njira yachidule yabwino ndithu.

Mastock opangidwa mochita kuitanitsa amatenga miyezi kuti afike, ndipo akagoba agoba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kuyambe musanatumize fomu, osati mutatumiza kale.

Chassis

Chassis ndi chimango cha chitsulo, kawirikawiri aluminiyamu, chimene action imamangidwapo mwachindunji, thako ndi chogwirira n'kulumikizidwa padera. Amene anaitchukitsa ndi Accuracy International ya ku Portsmouth, England, kampani imene mmodzi mwa oiyambitsa anali Malcolm Cooper, katswiri amene anapata mendulo za golide pa Olimpiki za 1984 ndi 1988. Magazini, timabokosi tosungira zipolopolo pansi pa mfuti, a kampaniyi, amene amatchedwa AICS, ndi amene lero akhala muyezo wa pafupifupi chassis iliyonse.

Pa nkhani yokonzekera zam'tsogolo, palibe chimene chimaposa chassis. Kutsogolo kwake kumakhala kotakasuka moti mpope wowonda kapena wonenepa, onse amalowa osakhudza. Utali wa thako ndi msinkhu wa potsamira tsaya mumasintha ndi kasipanala kapena ndi zala. Sifuna kuyala epoxy pamene action imagona. Ndikanagula chassis chaka chija, sandipepa sindikanamukhudza n'komwe.

Koma kutchire si kubwalo la mipikisano. Aluminiyamu amakoka kutentha m'manja mwanu msangamsanga, ndipo m'bandakucha kozizira zala zimauma musanaone n'komwe nyama. Dzuwa likaswa mtengo, chitsulo chomwecho chimawotcha. Chikagundana ndi bakolo wa lamba kapena mabainokulasi chimalira kuti ngwe, phokoso limene kutchire kulibe mwini wake, ndipo nyama imadziwa zimenezo. Timabowo ndi tingowe take timakola udzu ndi tinthambi. Chogwirira chake choimirira n'chabwino mukagona chafufumimba, koma nyama ikadzambatuka pafupi muli chiimire, stock yachikale imafika paphewa mofulumira. Chassis za mipikisano zimadutsa makilogalamu awiri pazokha, ndipo zimenezo musaziganizire n'komwe ngati mumayenda pansi.

Opanga anaziona zimenezi. KRG Bravo ili ndi msana wa aluminiyamu koma kunja anaiveka pulasitiki, ndiye m'manja imamveka ngati stock wamba, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 1.3. MDT ya ku Canada inatulutsa HNT26, ya maginiziyamu ndi kaboni, yolemera maaunsi 26, pafupifupi magalamu 740. XLR ya ku Colorado ilinso ndi zake zopepuka. Zina thako lake limapindika, zimene zimathandiza pomangirira mfuti pa chikwama mukamakwera phiri. Kwa mlenje wa kumapiri amene amawombera pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, kapena atagona, chassis yopepuka ndi yoyenera kuiganizira mozama. Kwa mlenje wa m'nkhalango yowirira amene amawomba ataima, ine ndingasankhe fiberglass kapena kaboni mosazengereza.

Kupepuka kuli ndi ngongole yake

Aliyense amafuna mfuti yopepuka mpaka tsiku loiwomba. Ndi chipolopolo chomwecho, mphamvu imene mfuti imamenya nayo phewa imatsika pamene kulemera kukukwera: mfuti ya makilogalamu 4.5 imakumenyani ndi magawo awiri mwa atatu a mphamvu imene ya makilogalamu 3 ingakumenyeni nayo. Ndi zipolopolo za 6.5 Creedmoor kapena .308 Winchester, mfuti yopepuka mukhoza kuipirira. Ndi .300 Winchester Magnum, mfuti ya makilogalamu atatu idzakuphunzitsani kutsinzina musanakoke trigger, kachitsulo kowombera kaja, ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchotsa kuposa kilogalamu imodzi paphewa. Mfuti yopepuka imavinanso kwambiri mukamaloza mtima ukugunda mutakwera chitunda.

Choncho werengani kulemera kwa mfuti yonse, scope, bipod ndi zipolopolo zili pomwepo, osati kwa stock yokha. Onaninso pamene kulemerako kwakhala. Stock ya kaboni yopepuka kwambiri ikakumana ndi mpope wautali wachitsulo, mfuti imagwera kutsogolo ngati khasu.

Tsaya, phewa ndi dzanja

Pano m'pamene ambiri amathamanga, chonsecho m'pamene stock imapindulira kapena kukanika. Mtunda wochokera pa trigger kufika kumapeto kwa thako pa mfuti zambiri za kufakitale ndi pafupifupi mainchi 13.5, kapena kuti mamilimita 343. Muyezo umenewu anaupangira munthu wapakatikati. Ngati ndinu wamfupi mikono, kapena mumasaka mutavala jekete lochindikala, thako limakola m'khwapa ponyamula. Likafupika kwambiri, scope imakupezani pachikope.

Chofunika kuposa pamenepo ndi msinkhu wa potsamira tsaya. Mastock achikale anawapangira anthu olozera ndi tizitsulo ta pampope, diso lili pansi. Scope za masiku ano, za galasi lakutsogolo la mamilimita 50 kapena 56, zimakhala pamwamba, ndiye tsaya limachoka pa stock n'kumalendewera m'malere, chibwano chokha chikukhudza. Yesani chonchi: mfuti ilibe chipolopolo, tsinzinani, ikani paphewa, gonekani tsaya momasuka, kenako tsegulani maso. Ngati mukuona mdima kapena mukufunika kudzutsa mutu kuti muone bwino, stock imeneyo ndi yotsika kwa inu. Potsamira posunthika pamawonjezera kulemera, koma pamathetsa nkhaniyi kotheratu. Ngati simukupafuna, sankhani kaye scope ndi mphete zake zoimangira pa mfuti, muyeze msinkhu, ndiye musankhe stock yogwirizana nawo. Mungoonetsetsa kuti bolt ikutha kutuluka yonse osagunda potsamirapo.

Zimene zimagobedwa kamodzi

Musanaitanitse stock, zinthu zitatu zikhale zitatsimikizika, chifukwa opanga amazigoba m'thupi la stock momwemo.

Choyamba ndi action. Remington 700, imene inatuluka mu 1962, ndiyo ili ndi mastock, matrigger ndi zina zambiri zosankha kuposa action ina iliyonse, moti opanga ma action apadera monga Defiance, Impact Precision ndi Zermatt amatsatira mapazi ake, kutanthauza maonekedwe ndi miyezo ya pansi pake pamene imagona mu stock, chimodzimodzinso Bergara B-14 ya ku Spain. Koma kutsatira mapazi sikutanthauza kufanana paliponse. Kabatani kotulutsira bolt, kuchindikala kwa recoil lug, chitsulo chija chimene chimapatsira stock mphamvu ya kuwomba, ndi pakamwa potulukira zigoba, zimasiyana. Uzani opanga dzina lenileni la action yanu. Tikka ya ku Finland ili ndi njira yakeyake: recoil lug imakhala mu stock n'kulowa m'kampata ka pansi pa action, ndipo pa T3x, imene inabwera mu 2016, anaisintha kuchoka ku aluminiyamu kukhala yachitsulo. Howa 1500 ya ku Japan ilinso ndi mapazi ake.

Chachiwiri ndi mpope, osati umene muli nawo lero koma umene mudzathere nawo. Ngalande yotakata pa mpope wowonda imangooneka moipa pang'ono, koma mfuti imawomba bwinobwino. Ngalande yopapatiza pa mpope wonenepa ndi nkhani yanga ija. Kumbukiraninso kuti mipope yokutidwa ndi kaboni, monga ya Proof Research, ndi yopepuka koma yonenepa kunja, ndiye imafuna ngalande yaikulu.

Chachitatu ndi pansi pa mfuti: magazini ochotseka kapena kachitseko kotsegukira pansi. Kachitseko sikatayika kutchire, ndipo mfuti imakhala yosalala ponyamula ndi dzanja limodzi pamimba pake. Magazini amafulumiza kuchotsa zipolopolo mukamalowa m'galimoto kapena kuwoloka mpanda, koma amatulukira pansi ndipo amaika malire pa utali wa chipolopolo. Chipolopolo cha .308 Winchester chathunthu chimatalika pafupifupi mamilimita 71, ndipo chimalowa m'magazini aafupi a AICS popanda vuto. Cha 6.5 PRC chimafika pafupifupi mamilimita 75, ndipo si magazini aafupi onse amene angachilandire. Kusintha maganizo pambuyo pake kumafuna kugobanso stock, ndipo nthawi zina sikutheka n'komwe.

Chiyambe n'chiyani?

Ndikanayambanso lero, ndikanayamba ndi kuwomba mfuti mmene ilili, ndi mitundu itatu kapena inayi ya zipolopolo zosakira, n'kulemba zotsatira. Mfuti zambiri za masiku ano zimatha kuika zipolopolo m'kati mwa MOA imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo MOA imodzi ndi mamilimita pafupifupi 29 pa mamita 100, kapena 87 pa mamita 300. Poyerekeza ndi chifuwa cha nyama ya msinkhu wapakati, zimenezo n'zokwanira kale. Nthawi zambiri amene amamwaza zipolopolo ndi munthu, osati chitsulo.

N'chifukwa chake trigger imabwera patsogolo pa zogula. Ndi yotchipa poyerekeza ndi zinazo, ndipo kusintha kwake mumakumva tsiku lomwelo. Timney, TriggerTech ndi Bix'n Andy ndi mayina odziwika. Posaka musatsanzire a mipikisano amene amaika trigger yongokhudza n'kulira. Zala zozizira kapena za m'magolovesi sizimva bwino, ndiye pakati pa kilogalamu imodzi ndi imodzi ndi theka m'pabwino. Eni Tikka asathamangire kugula, chifukwa ya kufakitale imasinthika kale pakati pa kilogalamu imodzi ndi awiri. Aliyense akaikhudza trigger, mfuti iyesedwe ilibe chipolopolo kuti sefite, yoletsa mfuti kuwomba, ikugwira ndiponso siikuwomba yokha bolt ikatsekedwa mwamphamvu.

Kenako scope ndi mphete zake, pazifukwa ziwiri: ndiyo imakuuzani msinkhu wa tsaya, komanso scope yosasunga malo imanamizira stock ndi mpope milandu imene sizinapalamule. Njanji yomangirapo scope ya Picatinny, imene inakhazikitsidwa ngati muyezo mu 1995, imakulolani kusuntha scope kutsogolo kapena kumbuyo momasuka. Njanji zopendekeka za 20 MOA anazipangira owombera kutali kwambiri, ndipo pa mitunda imene mlenje wanzeru amawombera nyama, sizifunika.

Stock ibwere pachitatu, zitatu zija zitatsimikizika. Ikafika, ngati si chassis kapena ya aluminiyamu m'kati, ipite kwa mmisiri akaike timapaipi ta masikuluwu ndi kuyala epoxy pamene action imagona, kuti chitsulo ndi stock zikumane paliponse popanda kukakamizana. Masikuluwu amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa muyezo umene wopanga stock wanena. Ambiri amene ali ndi aluminiyamu m'kati amatchula pakati pa 45 ndi 65 inch-pound, umene ndi muyezo wa mphamvu yomangira sikuluwu, pomwe mtengo wopanda timapaipi umafuna zocheperapo kuti usaphwanyike. Pa fomu yomweyo pemphani pomangira lamba ndi bipod, komanso kanjanji ka Arca ngati mudzawombera pa tripod. Kanjanji kameneka kanachokera kwa ojambula zithunzi, ndipo kuikiratu popanga n'kolimba kuposa kudzaboola pambuyo.

Mpope ndiwo womaliza kugula ngakhale unali woyamba kuuganizira. Ngati wa kufakitale ukuwomba bwino, uthereni kaye pophunzira. Posintha, kupota kwa mizere ya m'kati mwa mpope kugwirizane ndi chipolopolo: 6.5 Creedmoor, imene Hornady inatulutsa mu 2007, imayenda ndi kupota kumodzi pa mainchi 8 kuti zipolopolo zake zazitali zisagubuduke m'mwamba. Bartlein, Krieger ndi Lothar Walther ndi ena mwa opanga mipope odalirika. Kuika mpope ndi ntchito ya mmisiri wovomerezeka amene ali ndi zoyezera, ndipo m'mayiko ambiri mpope kapena action zimawerengedwa ngati mfuti pazokha pa chilolezo, choncho funsani za malamulo a kwanuko musanaitanitse. Chimodzimodzinso chochepetsa phokoso cha kukamwa kwa mpope: mayiko ena amachilimbikitsa posaka, ena amachiletsa kotheratu. Ngati n'chololedwa ndipo mukuchifuna, fupikitsani mpope pokonza mapulani, apo ayi mfuti idzatalika ngati mkondo. Muzzle brake, kachitsulo ka mabowo komangidwa kukamwa kwa mpope, imachepetsa kumenya kwa paphewa, koma phokoso limabwerera kwa inu ndi mnzanu amene waima pambali, moti popanda zotseka m'makutu musaiyandikire.

Zonse zikamangidwa, muyeso umene ndimaukhulupirira si wa zipolopolo zisanu zotsatizana pabenchi. Ndimawomba chimodzi chokha mpope uli wozizira, n'kusunga pepalalo. Tsiku lina ndimawombanso chimodzi pa pepala lomwelo, lero pa bipod, mawa pa chikwama, mkuja pa ndodo nditaima, tsiku lina mfuti itanyowa ndi mvula. Stock yanga yoyamba ija inalephera muyeso umenewu pa tsiku lachiwiri. Imene ndili nayo pano ndi ya fiberglass, yolemerako kuposa mmene ndinkafunira, ya ngalande yotakata moti chala chaching'ono chimatsala pang'ono kulowa m'mbali mwa mpope, ndipo pepala lake la mabowo khumi ndimatha kuliphimba ndi chikhatho.